Dontho Lofiira pa Masikii

Tadala ndi Yamikani, ana anga, ndalemba izi m'Chichewa ngakhale ndikudziwa kuti muwerenga mododoma. Chingerezi changa n'chokwerera basi ndi chogulira buledi, sichingasenze zimene ndikufuna kunena. Kutchalitchi anthu amati ndinasiya ntchito chifukwa cha chisoni bambo anu atamwalira. Ndimangowayang'ana, poti amanena mondimvera chifundo. Koma inu mudziwe bwinobwino kuti ntchito sindinasiye. Anandichotsa, ndipo chimene anandichotsera ndikhoza kuchichitanso mawa.

Chaka chachiwiri tili ku Glasgow

Bambo anu anabwera kuno kudzagwira ntchito ya unamwino, ine ndinangotsatira ndi inu awiri ndi sukulu yanga ya Sitandade 5. Tinkakhala ku Dennistoun, m'nyumba ya pamwamba ya masitepe osatha ija, ndipo ndinkagwira maganyu okolopa kulikonse kumene a ejensi anditumiza. Tsiku lina ananditumiza kumalo a masewera a sikii, kunja kwa mzinda, ulendo wa mabasi awiri. Ndinapeza chitunda chachitali chitayalidwa mphasa za pulasitiki zokhala ngati burashi yochapira, zothiridwa madzi kuti ziterere. Anthu ankavala jombo zolimba ngati ndowa, n'kuzipanitsa pa timatabwa tiwiri titalititali totchedwa masikii. Chingwe chinkawakokera pamwamba, iwo n'kutsetsereka. Ankaphunzirira pamenepo kuti nyengo yozizira ikafika azikatsetsereka kumapiri pa sinowo weniweni, chipale chofewa chija.

Madzulo ndinawafotokozera bambo anu. "Bambo a Tadala, anthu aja akulipira kuti akwere chulu, atsike, akwerenso."

"Pamwambapo pali chiyani?"

"Palibe."

"Nanga pansi?"

"Palibenso."

"Ndiye ntchito imeneyo muigwiritsitse," anatero. "Anthu olipirira zopanda kanthu sangalephere kukulipirani inu."

Ine sindinawaseke kwambiri anthuwo, chifukwa nafenso kwathu ku Dedza tinkatsetsereka pathanthwe titakhalira nthambi, mpaka madiresi kutha kumbuyo. Bwana wa malowo anali Mayi Moira, mzimayi wamfupi wa mawu aakulu, wosadziwa kusekerera pachabe. Ataona kuti fungo silindibweza, anandilemba ntchito yokhazikika m'chipinda cha jombo. Dzina langa la Esinati linawakanika, ndinasanduka Esi. Ntchito yanga inali kuyeza phazi, kupereka jombo, kuzilandira zili chinyezi ndi thukuta, kuzipopera mankhwala, n'kuziyanika pa mapaipi a mpweya wotentha. Ndagwira mapazi a ana a m'madera a mzindawu, a ku Partick ndi a ku Gorbals, a madokotala ndi a zidakwa zomwe, ndipo ndikuuzeni kuti phazi silidziwa kuti mwini wake ndi bwana. Onse amanunkha chimodzimodzi.

M'chipinda choyandikana ndi changa munkagwira a Tam, mkulu wokonza masikii, munthu wa fodya pakamwa ndi mawu ochepa. Ndiwo anandionetsa chopanira, kachipangizo kamene kamagwira jombo pa sikii. "Esi," anatero, "kugwira ngakhale msomali umagwira. Ntchito yeniyeni ya ichi n'kutaya. Munthu akagwa, chizimasula phazi. Chikakalamba chimakakamira, ndipo chikakakamira, chothyoka ndi mwendo."

Chaka chimene Tadala anathyoka mwendo

Eni malowo ankakhala kutali, sitinkawaona. Zipangizo zinkatha koma zatsopano sizinkabwera. Mayi Moira akapempha ankauzidwa kuti adikire chaka chamawa, ndipo chaka chamawacho chikafika ankauzidwanso zomwezo. Masukulu akabwera ndi ana ambiri tsiku limodzi, masikii abwino ankatha, ndiye aphunzitsi a masewerawo ankangolowa kwa a Tam n'kutola pamulu wa akale amene anaikidwa pambali. Panalibe chosiyanitsa abwino ndi okanidwa, onse ankaoneka chimodzimodzi.

Tadala, iwe unali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene kalasi yanu inabwera. Jombo ndinakuveka ndine, iwe ukuchita manyazi kuti anzako adziwa ntchito ya amayi ako. Unandinong'oneza m'Chingerezi chako cha ku Glasgow kuti ndisakuyankhule Chichewa pagulu. Masikii munakalandira kwina. Sipanapite nthawi ndinamva kulira ndili m'chipinda changa, ndipo mawuwo ndinawadziwa, chifukwa tsiku limenelo unalira m'Chichewa. Ndinakupeza pansi pa chitunda, phazi litaloza kumene phazi sililoza, sikii ikadali yokakamira ku jombo.

Mayi Moira anabwera kuchipatala opanda maluwa. Anaima pafupi ndi bedi lako, anayang'ana chikhakha cha mwendo wako, n'kutuluka. Mawa lake anagula ndi ndalama zawo chitini cha penti wofiira ndi hamala yaikulu, natisonkhanitsa tonse. Lamulo linali lakuti chilichonse chimene a Tam achikana, Esi achipake dontho lofiira lalikulu ngati dzira. Zofiira zikachuluka, Esi aziphwanye zopanira zake ndi hamala zisanalowe m'chibini, kuti pasapezeke wozitola n'kukagulitsa.

"Bwanji ine?" ndinawafunsa.

"Chifukwa iwe sudzachita nazo ulesi."

Sindinachitepo ulesi. Masukulu akachuluka, ana ena ankadikira pabenchi, aphunzitsi ankadandaula, eni malo ankatumiza mawu aukali, koma dontho lofiira palibe ankalilumpha. Pa zaka zonse zimene Mayi Moira anakhalapo, ana ankagwa ndithu, ena kuthyoka zala, koma palibe wina amene anathyoledwa mwendo ndi chopanira chokalamba.

Chaka cha maliro

Mayi Moira anapuma ntchito, a Tam ndi ine tinatsala. Ife tinasamukira ku Gorbals, kunyumba ya pansi, chifukwa masitepe anali atayamba kuwathera mpweya bambo anu. Za matenda awo mukuzidziwa, sindibwereza. Thupi tinakaika kwawo ku Chikwawa monga anafunira, ndipo tinanyamulanso zovala zawo kuti zikagawidwe kwa abale monga mwa mwambo. Wogawa anali azakhali anu a Feliya, alongo awo aakulu. Inu munali mutatopa ndi kutentha, munagona m'nyumba, ndiye zimenezi simunazione. A Feliya anakhala pakhonde akutulutsa chimodzichimodzi m'sutikesi. Chilichonse ankachitambasula padzuwa, kuyang'ana kolala, m'khwapa, zipi, matumba. Malaya awiri othetheka kolala anawaika padera.

"Alamu," ndinatero, "amenewotu wina angamavale kumunda."

Iwo anati, "Alamu, wolandira cha malemu sakana ndipo sasankha, amangowomba m'manja. Ndiye osankha ndife ogawafe. Mukam'patsa chong'ambika mwamutukwana iyeyo, mwatukwananso mwini wake wagonayu."

Malayawo anawotchedwa kuseri. Pomaliza panatsala chijasi chachikulu cha ubweya mkati, chimene bambo anu ankavala podikira basi ya m'mawa. Atachitambasula, anthu anaseka koyamba chiyambire maliro. Wina anati, "Chimenechi ku Chikwawa kuno? Mukufuna tiikenso maliro ena?" A Feliya anachipinda n'kundiikira pamiyendo. "Bwererani nacho kozizirako, mudzam'peza wochiyenera." Ndinabwera nacho, chinakhala m'kabati.

Kuntchito ndinabwerera msanga. Lendi inali pamutu panga ndekha tsopano, Yamikani unali usanamalize koleji, ndipo kunatsala zaka zochepa kuti ndifike popuma ndi penshoni yathunthu. Komanso m'chipinda cha jombo munali phokoso la ana, pamene kunyumba kunali zii. Ntchito imeneyo ndiyo inkandidzutsa m'mawa.

Chaka chotsatira, kuzizira kusanayambe

Bwana watsopano anali Calum, mnyamata wa msinkhu wako Tadala, wosekerera nthawi zonse, wokonda kujambulitsa. Atangofika analetsa kuphwanya, akuti kutaya zinthu n'kuwononga chilengedwe. Zofiira zinayamba kuunjikana m'kontena kuseri kwa ofesi. Ine ndinati mwina ali ndi nzeru ina, ophunzira amaona patali. Tsiku lina anatisonkhanitsa natiuza kuti malo athu agwirizana ndi kabungwe kothandiza mayiko osowa zipangizo kuti nawonso masewera a sikii akule. Tinali oti titumize katundu ku Lesotho, dziko la mapiri kumene sinowo amagwa, kwa mphunzitsi wina wamkazi amene amaphunzitsa ana a abusa a nkhosa. Ndinakondwa kwambiri. Sindinkadziwa kuti ku Africa kwathu kuli ana otsetsereka pa sinowo. Ndinakauza amayi a mvano, ndipo tinasonkha masokosi, magolovesi ndi zipewa zoluka mpaka bokosi kudzaza. Mpaka lero ndimati ganizo lija linali labwino. Mwana wa mbusa akafuna kutsetsereka paphiri la kwawo, atsetsereke.

Lolemba la sabata imene mphunzitsiyo ankabwera, Calum anandiitanira kukontena. Anali ndi botolo la mankhwala ochotsera penti ndi mulu wa sanza.

"Esi, mayi wathu, ndikufuna izi ziwale. Madontho onsewa achoke pofika Lachinayi. Lachisanu kukhala mwambo wopereka, kubwera ojambula."

"Izi ndi zimene zikupita?"

"Zonsezi. Kontena yodzaza. Tangoganizani chimwemwe chake."

"A Tam anazikanatu izi."

"Anazikana pa malamulo a kuno. Kuno a inshulansi amavuta, chilichonse amachiopa. Kumeneko izi ndi chuma. Anthu aja alibe kalikonse."

"Miyendo ali nayo."

Anaseka ngati ndanena nthabwala, n'kundigwira paphewa. "Ndikufunanso kuti pachithunzi mudzaime kutsogolo, mutavala nsalu yanu yokongola ija. Inuyo ndinu wa komweko."

"Ine ndine wa ku Dedza."

"Eya, komweko."

Ana anga, ine ndinakulira kaunjika, sindinyoza chinthu chakale. Koma pa kaunjika umatola wekha, umatambasula padzuwa, chibowo umachiona ndi maso ako, ndipo ukafuna umasiya. Chimene chinandiwawa si ukale wa masikii aja. Akanawatumiza ndi madontho ake, mwina wolandirayo akanafunsa kuti kufiiraku n'chiyani. Koma munthu wochotsa dontho ndiye kuti akudziwa chimene dontholo likunena. Ndipo pa anthu onse a pamalopo anasankha dzanja langa, limene linayamba kupaka madontho mwana wanga ali m'chipatala, kuti ndilo liwapukute. Anasankhanso nkhope yanga yakudayi kuti ikhale chidindo chakuti zonse zili bwino. Mwana wa ku Partick sangavale chifukwa makolo ake ali ndi maloya, koma mwana wa mbusa avale chifukwa akathyoka kuphiri kwawoko, kulira kwake sikufika ku Glasgow. Amenewo ndiwo ankawatcha kuthandiza.

Ndinapita kwa a Tam. Sanadzutse mutu pa benchi yawo. "Ndamuuza kawiri, Esi. Wati ngati sindikukondwa, khomo ndi ilo. Mkazi wanga akudwala, ukudziwa." Sindinawaweruze, ndipo inunso musawaweruze. Yamikani unandithandiza kutumiza uthenga kwa eni malo, yankho linabwera loti zimenezo ndi za bwana wa pamalopo. Ndinakuimbira iwe Tadala, ndipo unati, "Amayi, ingonenani kuti mwadwala sabata yonseyi. Musataye penshoni chifukwa cha munthu wopusa." Unkandifunira zabwino, ndipo ndinaganizira ndithu. Ndinaganiza za lendi, za koleji, za msinkhu wanga, kuti ndani angalembe ntchito mayi wa imvi wosadziwa kompyuta. Koma ndinaona kuti ine ndikadwala, botolo lija apatsa wina, manja anga akhala oyera, ndipo kontena ipita.

Lachinayi la sabata imeneyo

Ndinafika m'mawa monga mwa masiku onse, ndinayatsa mapaipi oyanikira jombo, ndinakonzeratu za ana a sukulu imene inkabwera masana. Hamala inali pamene inkakhala, kuseri kwa chitseko changa. Ndinatsegula kontena, ndinayala masikii pa simenti, n'kuyamba. Sindinabisale. Kunali kutayera, ndipo phokoso linkamveka mpaka pamwamba pa chitunda. Ndinkaphwanya zopanira zokha, ndi jombo zimene pulasitiki wake anali atauma. Matabwa ake sindinawakhudze. A Tam anatuluka, anaima, anayatsa fodya. Kenaka anayamba kundisendezera ndi phazi masikii amene anali patali.

Calum anafika akuthamanga nditatsala pang'ono kumaliza. Tsiku limenelo sanasekerere.

"Mwapenga? Mukudziwa chimene mwachita?"

"Ntchito yanga. Chofiira chimaphwanyidwa."

"Mwawalanda ana osauka mphatso yawo. Inuyo, munthu wa kutchalitchi."

"Bwana, mutakhala ndi mwana, mungamuveke izi?"

"Nkhani si imeneyo."

"Kwathu nkhani ndi imeneyo."

Anandilanda makiyi, nandiuza kuti ndaimitsidwa, ndidzatenge katundu wanga mawa lake ndipo ndisadzaonekere pamene pali alendo. Ndinamupempha kuti andilole ndimalize zitatu zimene zinatsala. Anandiyang'ana ngati waona chilombo.

Lachisanu

Ndinabwera ndi chijasi cha bambo anu m'jumbo, poti ndinali nditaganiza kale zochiika m'bokosi la amayi a mvano. Ndikulongedza kapu yanga ndi masilipasi m'chipinda cha jombo, panalowa mzimayi wamtali, wowonda, wovala kajekete kopyapyala. Anali mphunzitsi uja, dzina lake Palesa. Tinayankhulana m'Chingerezi, koma ankanditchula kuti Mme, ndiye kuti mayi m'chinenero chawo. Sanabwere kudzathokoza.

"Mme, ndinu mwaphwanya katundu wanga?"

"Ndine."

"Ine ndili ndi ana amene amadikira tsiku lonse kuti masikii awafike, wina akavula wina avale. Ndinawalonjeza kontena. Mukuganiza kuti sindikanaona ndekha kuti ndi zakale?"

"Mukanaona liti? Zitapukutidwa, ojambula ataima, atakupatsani maluwa? Pamenepo mukanakana?"

Anakhala pabenchi ya ana, mawondo kufika pachifuwa. Kenaka anati, "Sindikanakana. Ukakana kamodzi sakuitananso."

Ndinamuuza za mwendo wako, Tadala, ndi za chipatala chimene chinali pafupi, ndipo ndinamufunsa kuti kuphiri kwawoko chipatala chili pati. Anati, "Komabe mukanandifunsa, Mme. Nonse kuno mumatisankhira. Wina amatisankhira zoipa, wina zabwino, koma wotifunsa palibe."

"Nambala yanu ndinalibe, mwanawe. Ndinali ndi hamala."

Anaseka pang'ono, koma mawu ake anandilowa, ndipo ndinaona kuti sananame. Ndinatulutsa chijasi chija m'jumbo.

"Ichi ndi cha malemu amuna anga. Musalandire kaye. Chiyang'aneni, ndipo ngati sichikuyenerani mukane, sindikwiya."

Anandiyang'ana kuti aone ngati ndikunena zoona. Kenaka anapita nacho pazenera. Anachitembenuza, anayang'ana m'khwapa, anapisa m'matumba onse, anakweza zipi n'kuitsitsa kawiri, ananunkhiza kolala. Sanafulumire, ndipo ine sindinamufulumizitse. Pomaliza anavula kajekete kake n'kuchivala. Manja a chijasicho anali aatali, anawapinda.

"Ichi ndatenga," anatero.

Zimene zinachitika kunja ndinamva kwa a Tam. Ojambula anali ataitanidwa kale, ndiye Calum sakanawaonetsa kontena ya zophwanyika. Anatenga masikii ochepa pa mashelefu a abwino, amene ana a kuno amavala. Palesa anapempha kuti awayese yekha asanajambulidwe, ndipo awiri anawabweza pamaso pa onse. Anapemphanso matabwa opanda zopanira aja, akuti zopanira adzasaka yekha pang'onopang'ono. Sizinali zodzaza kontena. Ana ake ambiri anapitiriza kudikira pamzere, ndipo zimenezo sindizibisa.

Tsopano

Anandichotsa patapita milungu ingapo. Mlandu wake unali kuwononga katundu wa kampani, katundu yemweyo amene kampaniyo inkandilipira zaka zonsezi kuti ndizimuwononga. Pokambirana mlanduwo panakhala anthu atatu aulemu kwambiri, anandipatsa tiyi, ndipo mayi mmodzi anati akumvetsa kuti chisoni cha maliro chimasokoneza munthu maganizo. Ndinamuuza kuti amuna anga asawalowetsemo, iwo agona, wophwanya ndine ndipo mutu wanga unali bwinobwino. Chithunzi cha mwambo uja chinapachikidwa pakhomo lolowera, Calum ali pakati akusekerera. Ndikumva kuti anakwezedwa, ali kwina.

Penshoni inatuluka yoduka. Nyumba ya ku Gorbals ija, imene bambo anu anagonamo komaliza, ndinaisiya n'kulowa kachipinda kano. Ndinabwerera kokolopa maofesi mpaka mawondo anakana. Iwe Yamikani unagwira ntchito m'sitolo uku ukuphunzira, ndipo sunandidandaulirepo. Iwe Tadala unakwiya nane miyezi ingapo, koma ndimakuona ukamakwera masitepe a kuno m'nyengo yozizira, mmene umayambira ndi mwendo wamanja n'kukoka wamanzere, ndipo sindifunsanso ngati ndinachita bwino. Ndikadali wokwiya, ndipo abusa akamalalikira za kukhululuka ndimamvetsera ndithu, koma sindinafikepo.

A Tam atapuma ntchito anabwera kudzandiona, hamala ija ataikulunga m'nyuzipepala. Anati si ya kampani, anagula ndi Mayi Moira. Ili pansi pa sinki, musadzadabwe nayo.

Tsiku langa likadzafika, zovala zanga mudzazitulutse panja, ngakhale dzuwa la kuno ndi losadalirika. Mudzayang'ane kolala, m'khwapa ndi zipi. Chong'ambika chisadzapite kwa munthu, ngakhale wina atanena kuti kumudzi alibe kalikonse. Chabwino mudzam'patse munthu m'manja, mum'siye achitembenuze yekha, ndipo mumuuze kuti akhoza kukana.